Printa ya resin yakale: choyamba kukonza n'chiti, nanga polekera ndi pati?

Anthu amene ali ndi printa ya resin, makina a 3D opanga zinthu zogwirika za pulasitiki kuchokera ku mankhwala amadzi, kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu ndi owerengeka, ndipo ambiri mwa makina awo si atsopano. Ena anabwera ndi achibale, ena anagulidwa kwa munthu amene anatopa nawo. Makinawo amayaka bwinobwino, koma ntchito imachedwa, zinthu zimatuluka zamizeremizere, ndipo tsiku lina munthu amadzuka n'kupeza puleti ili mbee, zonse zamatirira pansi pa kabeseni. Mukafunsa pa intaneti mayankho amabwera osemphana. Wina akuti sinthani sikirini, wina akuti gulani hita, wina akuti tayani mugule yatsopano. Atatu onsewa ali ndi mfundo, kungoti aliyense akupereka mankhwala a matenda ena. Kuti munthu adziwe amene akunena za makina ake, ayenera kudziwa kaye ntchito ya chiwalo chilichonse.

Zimene zimachitika mkati

Resin ndi mankhwala amadzi, onanda, amene amauma n'kusanduka pulasitiki akawalidwa ndi kuwala kwa mtundu wina. Maprinta ang'onoang'ono ambiri amagwiritsa ntchito kuwala kwa manambala 405 nanomita, komwe kali m'malire a kuwala kooneka ndi maso ndi kuwala kosaoneka kotchedwa UV. Resin amathiridwa m'kabeseni kamene pansi pake pali kapepala ka pulasitiki koonekera. Pansi pa kabeseniko pali sikirini ya LCD, ndipo pansi pa sikirini pali nyale za LED. Puleti yachitsulo imatsika kuchokera pamwamba n'kusiya kampata kochepetsetsa, kawirikawiri 0.05 milimita. Nyale zimayaka, muyalo umodzi wa resin umauma, puleti imakwera n'kumatula muyalowo pa kapepala kaja, kenako imatsikanso. Zimabwerezedwa chonchi mpaka chinthu chonse chitatha, chili cholendewera chadodolido.

Ntchito ya sikirini imafanana ndi pepala loboola zilembo limene olemba zikwangwani amaika pakhoma asanapake penti. Penti amadutsa pobooka pokha. Apanso kuwala kumadutsa pamene sikirini yatsegula, ndipo resin amauma pamenepo basi. Kusiyana kwake n'koti sikirini imasintha chithunzi pa muyalo uliwonse.

Nzeru youmitsa mankhwala ndi kuwala muyalo ndi muyalo inalembedwa koyamba mu 1981 ndi Hideo Kodama wa ku Nagoya, m'dziko la Japan. Mu 1984 akatswiri atatu a ku France analembetsa luso lofanana nalo, koma mabwana awo sanaone phindu ndipo nkhani inathera pomwepo. Chaka chomwecho Chuck Hull wa ku America anapempha patenti yake, chikalata cha umwini wa luso, anailandira mu 1986, n'kuyambitsa kampani ya 3D Systems. Makina a nthawi imeneyo ankajambula muyalo uliwonse ndi laser ndipo anali a mafakitale okha. Mu 2012 kampani ya Formlabs inasonkhetsa ndalama pafupifupi madola 3 miliyoni pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkhetsera ndalama, kuti ipange printa yokwana patebulo. Mtengo unadzagweratu pamene makampani a ku Shenzhen, ku China, anayamba kutenga masikirini opangidwira mafoni n'kuwaika m'malo mwa laser. Printa ya Anycubic Photon inatchuka mu 2018, ya Elegoo Mars inatuluka mu 2019. Tikamati printa yakale m'nkhani ino tikunena makina a m'badwo umenewu. Aja a laser mkati mwake ndi mosiyana, ndipo zambiri zili pansipa sizikuwakhudza.

Kuzizira

Tiyambe ndi chinthu chimene si chiwalo cha printa n'komwe, chifukwa kwa munthu wa ku Dedza chimalamulira zina zonse. Opanga resin ambiri amalemba pa botolo kuti agwiritsidwe ntchito pa kutentha kwa madigiri apakati pa 20 ndi 30, ndipo odziwa ntchitoyi amakonda cha m'ma 25. Tauni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere. Mu Juni ndi Julayi si zachilendo kuti usiku kuzizire kufika pansi pa madigiri 10. Ku Bembeke, ku Lizulu ndi ku Tsangano sitichita kunena.

Resin akazizira pamachitika zinthu ziwiri. Choyamba amalemera, sayenda msanga. Puleti ikakwera n'kutsikanso, resin amayenera kubwerera pansi pake n'kuyalana bwino nyale zisanayake. Wozizira amachedwa, ndipo kuwala kumamupeza akuyendabe. Chachiwiri, kuuma kwenikweniko kumachedwa. Masekondi amene ankakwanira mu Okutobala sakwanira mu Julayi, choncho muyalo umatuluka wofewa, timiyendo tochirikiza chinthucho pa puleti timaduka, kapena miyalo yoyambirira imakana kugwira puleti. Resin akamauma amatulutsa kutentha pang'ono, n'chifukwa chake ntchito yaitali imadzifunditsa yokha ikafika pakati. Pangozi ndi poyambira. Chizindikiro chodziwira vutoli n'chosavuta: fayilo yomweyo ya chinthu chosindikiza, resin yemweyo, masana zikutuluka bwino koma usiku zikukanika. Munthu wotere akagula sikirini yatsopano wataya ndalama.

Njira zofunditsira zilipo zingapo ndipo zimasiyana mtengo. Yosalira ndalama ndi kuika botolo lotsekedwa bwino m'madzi ofunda musanathire, n'kuyamba ntchito dzuwa litakwera. Ena amazunguliza kabeseni ndi lamba wamagetsi wofunditsa amene ofulula mowa kunja amagwiritsa ntchito. Ena amaika kahita kakang'ono mkati mwa chivindikiro, kokhala ndi kachipangizo kozimitsa kutentha kukafika pamlingo. Kuika printa yonse m'kabati kapena m'bokosi lotchinjiriza kumathandiza kuti kutenthako kusathawe. Maprinta ena atsopano akumabwera ndi hita yakeyake, umboni woti opanga anavomereza kuti vutoli ndi lenileni.

Zinthu ziwiri zimabwera msanga m'maganizo a munthu wa kuno, ndipo zonse n'zoopsa. Mbaula isayandikire chipinda chimene muli resin ndi spiriti yotsukira, chifukwa spiriti sachedwa kugwira moto. Kuika kabeseni padzuwa kuti resin afunde n'kumuwononga, pakuti m'dzuwa muli kuwala komwe kumamuumitsa.

Koma Dedza si mapiri okha. Tsikani ku Golomoti kapena ku Mtakataka, kapena ku chigwa cha Bwanje m'boma la Ntcheu, mu Okutobala nkhani ndi ina. Kumeneko mdani ndi kutentha, komwe kumafupikitsa moyo wa sikirini ndi nyale. Chofunika si hita koma kutsegula makina, kuchotsa fumbi pa mafani, n'kusintha fani imene yayamba kulira kapena kuima. Malangizo olembedwa ndi munthu wa ku Ulaya sangadziwe ngati muli ku Bembeke kapena kunsi kwa phiri.

Kapepala ka pansi pa kabeseni

Kapepala koonekera kaja kamapangidwa ndi pulasitiki yotchedwa FEP, m'bale wake wa Teflon amene Roy Plunkett wa kampani ya DuPont anatulukira mu 1938. Ubwino wake ndi woti zinthu sizimatirirapo kwambiri ndipo kuwala kumadutsa. Kukhuthala kwake kumakhala pakati pa 0.1 ndi 0.15 milimita. Pa muyalo uliwonse pamakhala mpikisano: resin wouma wagwira puleti kumwamba, wagwiranso kapepala pansi. Ntchito imayenda ngati puleti ikupambana nthawi zonse.

Kapepalaka kamatha. Kamachita chifunga, kamakandika, kamatupa timabowo. Kakafika pamenepo kamagwira kwambiri, kuwala kumamwazika, ndipo tsiku lina kamabooka. Resin akadontha n'kuumira pa sikirini, vuto la ndalama zochepa lasanduka la ndalama zambiri. Pa printa yogula kwa wina, kusintha kapepalaka ndi poyambira posafuna kukambirana.

Mkangano uli pa mtundu woikapo. Kuwonjezera pa FEP wamba pali PFA, amene ogulitsa ambiri amamutcha nFEP, ndipo amamasula muyalo mosavuta n'kukhalitsa. Palinso ACF, amene anabwera ndi maprinta othamanga a zaka zaposachedwapa. Iyeyu amamasula msanga kwambiri koma si woonekera mbee, choncho amafuna kuwala kochulukirapo ndipo ena amadandaula kuti amafafaniza timizere tating'onoting'ono. Pa makina akale a nyale zofooka phindu lake ndi lokayikitsa, pamene PFA ambiri amamuyamikira. Pomanga, masikuluwu amamangidwa mopingasa, pang'onopang'ono, mpaka kapepalako kakungike. Mukakagogoda ndi chala kazilira ngati ng'oma. Kolendewera sikamatula bwino, kokungika mopitirira kamakoka timiyendo mpaka kuduka. Pamwamba pa sikirini ndi bwino kumatapo kapepala kena kotetezera, ngati kaja timamata pa foni. Ndipo ntchito ikakanika, resin asefedwe asanagwiritsidwenso ntchito, chifukwa kachidutswa kouma kakatsalira, puleti imakakanikizira pa sikirini n'kuiswa.

Sikirini ya mono

Apa ndi pamene pali phokoso lambiri. Sikirini ya m'maprinta oyambirira inali ya foni, yopangidwa kuti ionetse mitundu. Kadontho kalikonse kali ndi timagalasi titatu tosefa kuwala: kofiira, kobiriwira ndi ka buluu. Timagalasi timeneti n'tofunika poonera kanema, koma mu printa timangotchinga njira. Kuwala kochuluka kumathera mmenemo n'kusanduka kutentha, ndipo kutenthako pamodzi ndi UV kumapsereza sikiriniyo. Mu 2020 kunabwera masikirini opangidwira ntchito imeneyi, opanda timagalasi ta mitundu, otchedwa mono. Phrozen Sonic Mini, Elegoo Mars 2 Pro ndi Anycubic Photon Mono ndi ena mwa makina amene anawatchukitsa.

Kusiyana kwake n'kwenikweni. Pa muyalo wa 0.05 milimita, sikirini yakale imafuna masekondi 6 mpaka 10, pamene ya mono imafuna 2 kapena 3. Opanga amati yakale imakhala maola pafupifupi 500, ya mono pafupifupi 2,000. Poona manambalawa munthu amaganiza kuti ntchito izitha msanga katatu. Tiyeni tiwerengere limodzi. Chinthu chotalika mamilimita 50 chili ndi miyalo 1,000. Tinene kuti kukwera ndi kutsika kwa puleti kumatenga masekondi 7 pa muyalo uliwonse. Pa sikirini yakale, 8 kuwonjezera 7 ndi masekondi 15, ndipo ntchito yonse ndi maola 4 ndi mphindi 10. Pa mono, 2.5 kuwonjezera 7 ndi masekondi 9.5, ntchito yonse maola 2 ndi mphindi pafupifupi 40. Mwapulumutsa ola ndi theka. Si zochepa, koma si katatu, chifukwa mota yokweza puleti ndi yomwe ija.

Pali china chimene otsatsa malonda satchula. Sikirini ya Photon ndi Mars zoyambirira inali ya mainchesi 5.5 ndi timadontho 2560 m'litali, 1440 m'lifupi, kadontho kalikonse kukula ma micron 47 (milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000). Tsitsi la munthu limakhuthala ma micron apakati pa 50 ndi 100. Sikirini ya mono yoyamba kufala inali ya mainchesi 6.08, ndipo kadontho kake kanali cha m'ma micron 50. Ndiye kuti wosintha kuchoka ku yakale kupita ku iyi wapeza liwiro ndi moyo wautali, koma kusalala kwa zinthu sikusintha kwenikweni. Manambala a 4K, 8K ndi 12K amene amalembedwa pa makatoni amangowerenga timadontho m'litali mwa sikirini. Sikirini yaikulu ya 8K ikhoza kukhala ndi timadontho tikulutikulu kuposa yaing'ono ya manambala otsika. Chofunsa ndi kukula kwa kadontho.

Kusinthako si kuzula yakale n'kulowetsa yatsopano. Bodi ya printa, chipangizo chamagetsi cholamulira makina onse, imadziwa sikirini imodzi yokha: kuchuluka kwa timadontho take ndi polumikizira pake. Choncho makampani monga ChiTu Systems, amene amapanga mabodi a maprinta ambiri otere, ankagulitsa zonse pamodzi, sikirini ndi bodi yake. Bodi ikasintha, mtundu wa mafayilo umasinthanso, mafayilo akale amayenera kukonzedwanso, ndipo masekondi onse amene munawazolowera pa resin aliyense amayambidwanso kuyesedwa. Walira mvula walira matope.

Mbali ziwiri za mkanganowu zili chonchi. Otsutsa amati kunja printa yaing'ono yatsopano ya mono imapezeka pansi pa madola 200, ili ndi sikirini yabwino, nyale zabwino ndi chitsimikizo cha kampani, ndiye kuthira ndalama m'makina a 2018 n'kusawerengera. Ovomereza amati mawu amenewo ndi a munthu amene katundu amamupeza pakhomo mawa lake. Kwa ife printa yathunthu ndi katoni yolemera makilogalamu angapo, yolipira ndege, yolipira msonkho ku MRA, yogulidwa ndi ndalama zakunja zimene zimasowa, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Sikirini ndi bodi zimakwana m'chikwama cha m'bale wobwera kutchuthi. Amene ali ndi oda zambiri zomudikira amawerengera ola ndi theka lija mosiyana ndi mphunzitsi amene amasindikiza kamodzi pa sabata.

Musanaganize zonsezi, yesani sikirini imene muli nayo. Chotsani kabeseni, yalani pepala loyera pamwamba, yatsani chithunzi choyesera chimene chili m'makinamo. Ngati chikuoneka chathunthu, chopanda mawanga akuda kapena kuphethira, sikiriniyo ikadali moyo. Osayang'ana kuwalako mwachindunji.

Nyale za pansi

Maprinta oyambirira anali ndi kagulu ka ma LED pakati ndi chowalitsira chooneka ngati fanulo. Kuwala kumakhala kwamphamvu pakati, kofooka m'mphepete, ndiponso kumafika m'makona chopendekera. Wolemba zikwangwani uja akapopera penti cham'mbali, penti amalowa pansi pa pepala n'kunenepetsa zilembo. N'chimodzimodzi apa. Photon S ya 2019 ndi Mars Pro zinabwera ndi ma LED ambiri oyalidwa mizere, lililonse ndi kagalasi kake koongola kuwala. Ngati zinthu zapakati pa puleti zikutuluka bwino koma za m'makona zikukanika, ndipo puleti ndi yowongoka, nyale ndi zimene mungazikayikire. Kuzisintha kumafuna munthu wodziwa zamagetsi, chifukwa nyale zamphamvu zimafuna magetsi okwanira ndi njira yochotsera kutentha. Ambiri amangosankha kuika zinthu zofunika pakati.

Chitsulo chokweza puleti

Puleti imakwera ndi kutsika pa chitsulo chachitali chamazinga chimene mota imazunguza, ndipo njanji imaigwira kuti isagwedezeke. Photon yoyamba inkadziwika ndi kugwedera pamenepa, n'chifukwa chake Photon S anaiikira njanji ziwiri. Mizere imene imatuluka pa chinthu chosindikizidwa imanena yokha gwero lake. Ikamabwera motalikirana mofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, vuto lili pa chitsulo chamazinga kapena njanji. Mzere umodzi wokha pamalo amodzi kawirikawiri umasonyeza kuti makina anaima kanthawi, kutentha kunasintha mwadzidzidzi, kapena pamenepo muyalo unakula n'kukoka kwambiri.

Pali zida zogula: njanji zolimba, ndiponso nati yokhala ndi sipuling'i yochotsa kuseweraseweraku. Koma fumbi la mu Seputembala likasakanikirana ndi girizi wakale limapanga phala lolimba, ndipo makina ambiri amachira pongopukuta chitsulocho, kupaka girizi watsopano, n'kumanga timasikuluwu tolumikiza mota amene tamasuka.

Puleti nayo imafuna kuwongoledwa kuti igone mofanana ndi sikirini. Njira yake ndi ya pepala la A4: kumasula puleti, kuitsitsira pa pepala, kuikanikiza mofanana, n'kumanga. Puleti yoterera kwambiri kapena yopindika pang'ono imakhulidwa pa sandipepa woyalidwa pa galasi. Pali chida china chotchuka, kachitsulo kopyapyala kogwira ndi maginito kamene mumakachotsa n'kukapinda kuti zinthu zigwe zokha. N'chothandiza kwa osindikiza tinthu tambiri tosachedwa kusweka. Chenjezo lake ndi loti chimawonjezera kukhuthala kwa puleti ndi mamilimita angapo, ndipo ngati simusuntha kachizindikiro kouza makina poimira, puleti imatsika mpaka kuphwanya sikirini.

Zosinthidwa pa kompyuta

Printa siiganiza. Imatsatira fayilo yokonzedwa ndi pulogalamu yodula chinthu m'miyalo, monga Chitubox kapena Lychee Slicer, ndipo pali ina yaulere yotchedwa UVtools imene imafufuza zolakwika m'fayilo musanawononge resin. Mwa zonse zili m'nkhani ino, mbali iyi ndi imene ndimaona kuti imanyozedwa mosayenera, mwina chifukwa palibe chogula.

Choyamba ndi kupeza masekondi oyenera. Manambala a pa botolo ndi poyambira chabe, pakuti nyale za makina akale zafooka ndipo chipinda chanu si cha ku fakitale. Pali tizinthu toyesera taulere, monga Cones of Calibration ndi AmeraLabs Town, timene timasonyeza ngati kuwala kwachepa kapena kwapitirira. Kuno kuyesaku kumafunika kawiri pa chaka, nyengo yozizira ndi yotentha. Chachiwiri ndi kuuza makina kuti adikire sekondi imodzi kapena awiri puleti ikatsika, nyale zisanayake, kuti resin akhazikike. Pa resin wozizira kasinthidwe kameneka kokha kamachotsa mavuto ambiri. Chachitatu ndi liwiro lokwezera puleti, komwe kuli masekondi 7 aja. Kuwachepetsa mosamala kumabweza gawo la nthawi imene ena amaigula ndi sikirini. Chinthu chobowoka mkati chimafuna timabowo tolowera mpweya, apo ayi chimayamwa kapepala ka pansi n'kung'ambika. Ndipo popeza muyalo wonse umauma nthawi imodzi, tinthu khumi pa puleti timatenga nthawi yofanana ndi kamodzi, bola kutalika kukhale kofanana.

Firmware, pulogalamu ya mkati mwa bodi, imathanso kusinthidwa, ndipo pa makina ena inabweretsa luso losalaza m'mphepete mwa timadontho. Apa pamafunika kudekha. Makina a dzina limodzi amatha kukhala ndi mabodi osiyana, firmware yolakwika imapha bodi, ndipo magetsi akazima ili mkati molowa zotsatira zake ndi zomwezo.

Magetsi

Aliyense akukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi ma megawatt 130. Ngakhale pa nthawi yabwino magetsi amathima. Maprinta akale ambiri sadziwa kupitiriza pamene analekera, choncho kuthima kwa mphindi imodzi pa ola lachinayi kumataya ntchito yonse ndi resin wake.

Mwayi wake ndi woti makinawa sadya magetsi ambiri, ma watt 40 mpaka 60 basi. Ntchito ya maola 5 siipitirira ma watt-hour 300. Batire ya 12V ya 100Ah imasunga ma watt-hour pafupifupi 1,200 papepala, ndipo ngakhale mutagwiritsa ntchito theka lokha monga amalangizira pa mabatire a asidi, ikukwanira. Hita ndi imene imawonjezera katundu, ndiye iwerengeredwe payokha. Njira yosavuta ndi invata kapena UPS, kabokosi ka batire kamene kamapitiriza kupereka magetsi akathima. Ena amalumikiza batire mwachindunji poona kuti adaputala ya printa imatulutsa 12V, koma batire yomwe ikutchajidwa ndi sola imakwera kupitirira 14V, choncho pakati pamafunika chowongolera, ndipo makina ena ndi a 24V. Werengani zolembedwa pa adaputala. Kanthu kena kakang'ono: fulashi imene imabwera ndi printa nthawi zambiri ndi yosalimba, ndipo makina oima okha pakati pa ntchito magetsi alipo amatha kuchira ndi fulashi yatsopano.

Thupi la mwini makina

Resin wosauma si wogwira ndi manja. Akamakhudza khungu mobwerezabwereza thupi limatha kuyamba kudana naye, ndipo zikayamba kawirikawiri sizibwerera. Magolovesi a nitrile ndi magalasi oteteza maso ndi mbali ya makinawo. Mankhwala ena oyambitsa kuuma, monga TPO amene amapezeka m'ma resin ena, mayiko a European Union anawaletsa m'zopaka zikhadabo kuyambira Seputembala 2025 chifukwa cha nkhawa pa uchembere. Tosefa mpweya ta makala timene ena amaika m'chivindikiro timachepetsa fungo, koma sitimachotsa zonse zouluka. Apa kuzizira kwathu kumabweretsa msampha, chifukwa mu Julayi munthu amatseka mawindo kuti resin afunde, iye n'kumapuma mpweya womwewo. Bokosi lofunditsa printa yokha, lokhala ndi paipi yotulutsira mpweya panja, limathetsa zonse ziwiri.

Zinthu zikatuluka zimatsukidwa ndi spiriti wotchedwa isopropyl alcohol. Spiriti wa m'masitolo a hardware amatsukanso ma resin ambiri, ngakhale mtundu wake ungathe kudetsa zinthu zoyera. Pali resin wotsukidwa ndi madzi, koma madzi otsukirawo si othira m'ngalande kapena kudimba. Amaikidwa padzuwa m'chidebe choonekera mpaka zotsalira ziume. Dzuwa limatha kumalizitsanso kuumitsa zinthu zosindikizidwa, koma pa masiku a chiperoni kabokosi kokutidwa ndi foyilo mkati, kokhala ndi nyale za 405 nanomita, kamapereka zotsatira zofanana tsiku lililonse.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la zida zosinthira. Masikirini a mainchesi 5.5 akunka nasowa pamsika pamene makampani akuthamangira makina atsopano. Kodi munthu agule iwiri asunge, kapena ndalamazo ayambe kusungira printa ina? Yankho limadalira zaka zimene zidazi zikhale zikupezekabe, ndipo opanga salonjeza.

Lachiwiri ndi la ufulu wa mwini makina. Mu 2021 panabuka mkangano pamene mabodi atsopano a ChiTu anayamba kulandira mafayilo otsekedwa amene mapulogalamu ena sankatha kupanga. Anthu atadandaula njira inatsegulidwa, koma nkhaniyo inasonyeza kuti bodi yatsopano ikhoza kubwera ndi malamulo atsopano. Makina akale, ndi kuchedwa kwawo konse, ndi osavuta kuwatsegula ndi kuwamvetsa. Kodi ubwino umenewo ndi wolemera bwanji poyerekeza ndi liwiro?

Lachitatu ndi la luso. Pa Dedza boma ndi pa Ntcheu boma pali anyamata ndi atsikana okonza mafoni amene amasintha masikirini tsiku ndi tsiku, ndipo timawaya ta mu printa si tachilendo kwa iwo. Kodi makinawa adzachuluka mokwanira kuti wina aone chifukwa chophunzirira kuwakonza ndi kusunga zida zake, kapena aliyense azingodalira Lilongwe ndi abale akunja?

Palinso resin mwiniwakeyo. Ndi mankhwala amadzi ovuta kutumiza pa ndege, ali ndi tsiku lothera ntchito, ndipo printa yothamanga imamumaliza msanga. Kufulumizitsa makina pamene botolo lotsatira silikudziwika tsiku lofika kungakhale kukonza mbali yosayenera. Ndipo magolovesi odetsedwa, mabotolo otha ndi spiriti wotsukira zikachuluka, zikatayidwe kuti, ndani aziyang'anira?